Climate TRACE: mapu a Al Gore oloza oipitsa mpweya, ndi pomwe amaphonya

Climate TRACE ndi tsamba laulere la pa intaneti lomwe limawerengera mpweya wotenthetsa dziko wotuluka pamalo amodziamodzi: siteshoni yopangira magetsi ndi malasha, fakitale ya simenti, zitsime za mafuta, mtaya wa zinyalala, bwalo la ndege, ngakhale khola lalikulu la ng'ombe. Ntchitoyi inalengezedwa mu Julaye 2020 ndi mgwirizano wa mabungwe monga WattTime, RMI ndi OceanMind, ndipo amene amaiyankhulira pagulu ndi Al Gore, yemwe anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko la America kuyambira 1993 mpaka 2001. Chigamulo chathu tinene poyambirira pomwe: pofuna kudziwa kuti woipitsa mpweya wamkulu m'dera ndani ndipo ali pati, palibe chida china chaulere chofika pamenepa. Koma pofuna chiwerengero chenicheni cha malo amodzi, makamaka ang'onoang'ono, tsambali limaoneka lotsimikiza kuposa mmene liliri.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake tsambali linapangidwa chonchi, ayenera kudziwa dandaulo lomwe Gore wakhala nalo kwa zaka zambiri pa nkhani ya ofalitsa nkhani. M'buku lomwe anatulutsa mu 2007 ananena kuti wailesi yakanema inaononga mkangano wa ndale ku America chifukwa uthenga umayenda mbali imodzi: wa ndalama amagula masekondi 30 a malonda, woonera sangayankhe. Anali atayesa kale kukonza zimenezi ndi kanema wake wa Current TV, yemwe anayamba mu 2005 pamodzi ndi Joel Hyatt ndipo ankaulutsa tizidutswa topangidwa ndi oonera. Kanemayo sanakope anthu ambiri, ndipo kumayambiriro kwa 2013 anagulitsidwa ku Al Jazeera pa mtengo womwe unamveka kuti ndi pafupifupi madola 500 miliyoni. Anthu sanachedwe kumunena kuti munthu wodana ndi mafuta walandira ndalama za dziko la Qatar, lomwe chuma chake ndi gasi. Chiyembekezo chomwe anali nacho pa intaneti nachonso chinazilala. Mu Disembala 2023 ku Dubai anayerekeza njira zomwe masamba a mchezo amasankhira zoti munthu aone ndi mfuti zoopsa, nati ziyenera kuletsedwa.

Choncho Climate TRACE ndi yankho lake lachitatu, pambuyo pa Current TV ndi intaneti, pa funso lomwelo la mmene uthenga woona ungafikire anthu. Maganizo ake ndi akuti makampani a mafuta amapambana mkangano chifukwa ziwerengero za mpweya zimachokera kwa oipitsa eni ake, zimabwera mochedwa, ndipo zimaperekedwa monga mulu umodzi wa dziko lonse womwe suloza munthu. Mfundo imeneyi ili ndi maziko. Pansi pa UNFCCC, mgwirizano wa United Nations wa za kusintha kwa nyengo, mayiko olemera okha ndi omwe ankayenera kupereka lipoti chaka chilichonse, pomwe mayiko ambiri ankatha zaka zambiri osapereka kanthu. Kafukufuku wa nyuzipepala ya Washington Post mu Novembala 2021 anapeza kuti malipoti a mayiko ankaperewera ndi matani pakati pa 8.5 ndi 13.3 biliyoni pa chaka poyerekeza ndi mpweya womwe unkatulukadi.

Mmene ziwerengero zimapangidwira

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Akamva kuti tsambali limagwiritsa ntchito masetilaiti, amaganiza kuti pali kamera kumwamba yomwe ikuyeza carbon dioxide wotuluka m'chumuni chilichonse. Ayi. Pa malo ambiri palibe chimene chayezedwa mumlengalenga. Chimene chimachitika ndi masamu a magawo atatu: kukula kwa malowo, kuchulukitsa ndi gawo la nthawi lomwe anagwira ntchito, kuchulukitsanso ndi mpweya womwe umatuluka pa ntchito iliyonse.

Titenge siteshoni ya malasha ya mamegawati 600. Chaka chili ndi maola 8,760, ndiye itayaka usana ndi usiku osapuma ingatulutse ma MWh 5,256,000 (MWh imodzi ndi magetsi a megawati imodzi kwa ola limodzi). Palibe siteshoni imene imatero. Ngati inagwira ntchito 60 peresenti ya mphamvu zake, yatulutsa ma MWh 3,153,600. Malasha amatulutsa pafupifupi tani imodzi ya carbon dioxide pa MWh iliyonse, ndiye yankho ndi matani oposa pang'ono 3 miliyoni. Tsopano tinene kuti siteshoniyo inaima miyezi ingapo chifukwa cha kukonza makina, ndipo inangofika pa 45 peresenti. Yankho latsika kufika pa matani pafupifupi 2.4 miliyoni. Kusiyana kwa matani pafupifupi 800,000 kwachokera pa nambala imodzi yokha yapakatiyo, ndipo ntchito yaikulu ya setilaiti ndi kuyerekeza nambala imeneyo.

Imayerekeza bwanji? Zithunzi za masetilaiti a Sentinel-2, Landsat ndi Planet zimaonetsa nthunzi yoyera yotuluka m'nsanja zoziziritsira madzi kapena m'chumuni chokhala ndi makina otsuka utsi ndi madzi. Kompyuta inaphunzitsidwa poyerekeza zithunzi zoterezi ndi magetsi enieni omwe masiteshoni a ku America, ku Ulaya ndi ku Australia analemba ola ndi ola, kenako nzeru imeneyo imagwiritsidwa ntchito pa masiteshoni a mayiko omwe salengeza kanthu. Ndi luso labwino, koma lili ndi malire oonekeratu. Sentinel-2 imadutsa pamalo amodzi pafupifupi masiku 5 alionse, m'mawa chakumasana, ndipo kukakhala mitambo chithunzicho chatayika. Usiku sichiona nthunzi. Siteshoni yoziziritsa ndi madzi a m'nyanja kapena mumtsinje, kapena yoziziritsa ndi mphepo, situlutsa nthunzi yooneka. Masiteshoni ang'onoang'ono a gasi ndi a dizilo nawonso sasiya chizindikiro. Pa onsewa, tsambali limatenga chiwerengero cha magetsi a dziko lonse a mtundu wa mafutawo n'kuchigawa kwa masiteshoni molingana ndi kukula kwawo. Chotsatira chake n'chakuti siteshoni yomwe imangoyatsidwa madzulo magetsi akamafunika kwambiri imaoneka ngati ikugwira ntchito mofanana ndi inzake yoyaka tsiku lonse.

Magawo ena ali ndi njira zawo. Mafakitale a zitsulo amaoneka ndi kutentha kwa ng'anjo zawo pa zithunzi za infrared. Sitima zapamadzi zimatsatidwa ndi mauthenga a AIS omwe zimatumiza okha onena pomwe zili ndi liwiro lake. Apa ziwerengero zimakhala zolimba ndithu, kupatula sitima zomwe zimazimitsa dala chipangizocho. Moto wa gasi wotenthedwa pa zitsime za mafuta umaoneka usiku ndi chipangizo cha VIIRS. Minda ya mpunga imadziwika ndi radar ya Sentinel-1, yomwe imapyola mitambo n'kuona pomwe madzi adikha. Methane ndiye mpweya womwe umaonekadi kuchokera kumwamba, kudzera pa chipangizo cha pa setilaiti chotchedwa TROPOMI, koma kadontho kamodzi ka chithunzi chake kamaphimba makilomita angapo mbali zonse, ndiye kuloza chitsime chimodzi pakati pa zitsime zambirimbiri sikutheka, ndipo pamwamba pa nyanja chipangizochi chimavutika.

Kuligwiritsa ntchito osagwa m'mbuna

Kuona mapu sikufuna kulipira kapena kulembetsa. Mukatsegula climatetrace.org n'kupita pa mapu, mumapeza madontho amitundumitundu, mtundu uliwonse ukuimira gawo: magetsi, mafakitale, zamtengatenga, ulimi, nyumba, kukumba ndi kuyenga mafuta, zinyalala, nkhalango, migodi. Mukadina dontho mumaona dzina la malowo, dziko, matani, ndipo nthawi zambiri mwini wake. Mapuwa ndi olemera. Pa foni ya intaneti yofooka amachedwa kutseguka, ndipo ndi bwino kusankhiratu dziko ndi gawo limodzi musanayambe kuyendayenda.

Musanalembe nambala iliyonse, yang'anani kaye mpweya womwe wasankhidwa. Pali carbon dioxide payekha, methane, nitrous oxide, ndiponso CO2e, yomwe imaphatikiza yonse poisandutsa kukhala ngati carbon dioxide. CO2e ili pawiri: ya zaka 100 ndi ya zaka 20. Malinga ndi lipoti la 2021 la IPCC, gulu la asayansi a zanyengo la United Nations, tani imodzi ya methane wochokera ku mafuta imatenthetsa ngati matani pafupifupi 30 a carbon dioxide tikawerengera zaka 100, koma ngati matani oposa 80 tikawerengera zaka 20, chifukwa methane ndi waukali koma sakhalitsa mumlengalenga. Mgodi wa malasha wotulutsa matani 10,000 a methane udzaoneka ngati matani 300,000 pa muyeso woyamba, ndi oposa 800,000 pa wachiwiri. Mgodi ndi womwewo, chaka ndi chomwecho. Mndandanda wa oipitsa akuluakulu umasinthiratu mukasintha batani limeneli: migodi ya malasha, zitsime za gasi, ng'ombe ndi mpunga zimakwera, masiteshoni a magetsi amatsika. Malipoti a maboma amagwiritsa ntchito muyeso wa zaka 100, ndiye poyerekeza ndi lipoti la boma, sankhani umenewo.

Zolakwika zina ndi za miyeso chabe. Matani a patsambali ndi a makilogalamu 1,000, pomwe zikalata zina za ku America zimagwiritsa ntchito tani ya makilogalamu pafupifupi 907. Ofufuza ena amalemba matani a kaboni m'malo mwa carbon dioxide; kuti zifanane, chulukitsani ndi 3.67.

Mapu ndi oonera chabe. Ntchito yeniyeni ili m'mafayilo a CSV omwe mungakopere pa gawo la data, a dziko limodzi kapena a gawo limodzi. Mmenemo muli mizere yomwe mapu amabisa: capacity (kukula kwa malo), capacity_factor (gawo la mphamvu zake lomwe anagwiritsa ntchito), activity (ntchito yomwe yagwiridwa), emissions_factor (mpweya wa pa ntchito iliyonse) ndi emissions_quantity (matani onse). Njira yachidule yodziwira ngati siteshoni inayang'anidwadi ndi iyi: sanjani masiteshoni onse a gasi a dziko limodzi, n'kuyang'ana capacity_factor. Ngati ambiri ali ndi nambala yofanana ndendende, dziwani kuti imeneyo ndi nambala yogawidwa kuchokera pa chiwerengero cha dziko, osati yoonedwa pa chithunzi. Pali fayilo inanso yonena za kudalirika kwa nambala iliyonse, kuyambira pa very low mpaka very high. Fayilo imeneyi ndi yofunika kuposa zonse, ndipo ndi imene anthu ambiri satsegula. Tikanakhala ife opanga tsambali, tikanaika kudalirikako pambali penipeni pa matani, ndi zilembo zofanana kukula, ndipo tikanaleka kulemba manambala mpaka tani yomaliza ngati kuti wina anaiyeza pa sikelo.

Osaphatikiza matani a malo amodziamodzi ndi chiwerengero cha dziko, chifukwa malowo ali kale m'chiwerengerocho. Dziwaninso kuti mafayilo a mwezi ndi mwezi amakula kwambiri moti Excel, yomwe imathera pa mizere 1,048,576, imadula otsalawo. Tengani fayilo ya dziko limodzi kapena gwiritsani ntchito pulogalamu ina. Gawo la nkhalango limatha kukhala ndi nambala yochotsera, popeza mitengo imayamwa mpweya, ndipo kuliphatikiza kapena kulisiya kumasintha chithunzi cha dziko lonse. Mpweya wa ndege ndi sitima zopita kunja maboma amaulemba padera, ndiye kusiyana kwina pakati pa tsambali ndi lipoti la boma si bodza la boma, koma kusiyana kwa malire a zowerengedwa.

Chinthu chomwe chimapweteka atolankhani kwambiri n'chakuti ziwerengero zakale zimasinthidwa njira yowerengera ikakonzedwa. Nambala ya 2022 yomwe munatenga chaka chatha ingakhale ina lero. Sungani fayilo yomwe munakopera, lembani tsiku lake, ndipo musayerekeze chaka chimodzi cha m'fayilo yakale ndi chaka china cha m'fayilo yatsopano, apo ayi mudzalengeza kukwera komwe sikunachitike.

Za kulondola kwake, pali umboni wochokera kunja kwa mgwirizanowu. Mu 2024 gulu la Kevin Gurney wa ku Northern Arizona University linayerekeza ziwerengero za masiteshoni a magetsi a ku America ndi nkhokwe yawo ya Vulcan, yomwe imadalira zoyezedwa pamalo. Anapeza kuti pa avereji ya siteshoni ndi siteshoni, Climate TRACE inkaperewera ndi pafupifupi theka, ndiponso kuti njira ya zithunzi ija inagwiritsidwa ntchito pa kagawo kochepa chabe ka masiteshoniwo. Izi sizitanthauza kuti chiwerengero cha dziko lonse n'cholakwika ndi theka. Masiteshoni akuluakulu, omwe amatulutsa mpweya wambiri, ndi omwe amaoneka bwino. Zikutanthauza kuti mukatsika kuchoka pa dziko kupita pa dontho limodzi laling'ono, kudalirika kumatsika nanu. Ndipo ngati zili chonchi ku America, komwe kompyuta inaphunzirira, musayembekezere zabwino koposa kumalo komwe kulibe choyerekezera.

Tiyamikire pomwe payenera: njira zonse zowerengera zinalembedwa poyera, gawo ndi gawo, ndipo mafayilo ndi omasuka kugwiritsa ntchito bola mutchule gwero. N'chifukwa chake anthu ngati a Gurney anatha kupeza zofookazo. Nkhokwe zogulitsa za makampani ofufuza za mafuta sizipereka mpata wotero.

Kukula kwake kwakhala kwachangu. Pa msonkhano wa zanyengo wa United Nations wa COP27 ku Sharm el-Sheikh mu 2022 panali malo oposa 70,000. Pa COP28 ku Dubai mu 2023 anafika pa 352 miliyoni. Ku Baku mu 2024 anapyola 660 miliyoni. Nambala zimenezi zisakuchititseni kaso mopitirira, chifukwa zochuluka mwa izo ndi tizigawo ta minda, nkhalango ndi zina zotero, osati mafakitale. Chothandiza kwambiri ndi chakuti kuyambira 2025 ziwerengero zimatuluka mwezi uliwonse, zotsalira m'mbuyo ndi miyezi iwiri yokha, pomwe malipoti a maboma amatsalira ndi chaka kapena ziwiri.

Kodi ndale za Gore zimalowamo? M'masamu, sitikuona umboni wa zimenezo; ntchitoyi imagwiridwa ndi akatswiri a mabungwe osiyanasiyana, ndipo pomwe yaphonya pa magetsi a ku America yaphonya mochepetsa, zomwe sizithandiza mbali yake. M'kalankhulidwe, inde. Maganizo ake pa ndondomeko ya mphamvu ndi odziwika. Mu 1993 anachirikiza msonkho wa pa mitundu yambiri ya mphamvu womwe unadutsa m'nyumba imodzi ya malamulo n'kufera mu Senate, potsala msonkho wa masenti 4.3 pa galoni ya petulo. Mu Julaye 2008 anapempha kuti America ipange magetsi ake onse popanda kaboni m'zaka 10, zomwe sizinachitike. Amaika mtima pa dzuwa, mphepo ndi mabatire. Wakhala wokayikira nyukiliya chifukwa cha kukwera mtengo kwake, ndipo makina oyamwa kaboni mumlengalenga amawaona ngati chophimba chomwe makampani a mafuta amabisalako kuti apitirize kukumba. Zonsezi zimaoneka pa zomwe amasankha kuonetsa. Ku COP27 mutu unali wakuti pafupifupi theka la malo 50 oipitsa kwambiri padziko ndi minda ya mafuta ndi gasi, woyamba uli Permian Basin ya ku Texas ndi New Mexico, ndiponso kuti mpweya wa gawoli ndi wochuluka pafupifupi katatu kuposa wolembedwa m'malipoti. Ku COP28, ali m'dziko la eni ake, anaonetsa kuti mpweya wa United Arab Emirates unakwera ndi 7.5 peresenti mu 2022 pomwe wa dziko lonse unakwera ndi 1.5 peresenti, uku akudzudzula kuti wapampando wa msonkhanowo, Sultan Al Jaber, ndi mkulu wa kampani ya mafuta ya ADNOC. Khoswe anali atakhaladi pamkhate.

Pali kachinyengo kochepa m'mindandanda yotereyi komwe wowerenga ayenera kukazindikira. Permian Basin ndi dera lalikulu la zitsime zikwizikwi za makampani ambiri, koma pamndandanda limakhala ngati malo amodzi, pambali pa siteshoni imodzi ya magetsi yokhala ndi mpanda umodzi. Kukhala nambala wani kumadalira pomwe wojambula anadula malire.

Mbiri ya Gore imatiphunzitsa kusiyanitsa nkhokweyo ndi zokamba zake. Mu 2007, chaka chomwe analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi IPCC, khothi lalikulu ku London linagamula kuti filimu yake ya mu 2006 yonena za kusintha kwa nyengo, An Inconvenient Truth, ndi yoona pa mfundo zake zazikulu, koma linatchula malo 9 pomwe inapyola zomwe asayansi ambiri ankagwirizana, ndipo inapitiriza kuonetsedwa m'sukulu ndi malangizo owonjezera kwa aphunzitsi. Mu 2010 ku Athens iye mwini anavomera kuti kuchirikiza ethanol wa chimanga kunali kulakwitsa, ndipo kuti china chomwe chinamukoka chinali mavoti a alimi a ku Tennessee ndi ku Iowa. Ndi munthunso wa bizinesi: mu 2004 anayambitsa kampani ya Generation Investment Management ndi David Blood, ndipo ziwerengero za mpweya wa fakitale iliyonse n'zofunika kwa oika ndalama ngati iye. Si mlandu, koma mtolankhani wolemba za tsambali azitchule.

Chofooka china chili m'maganizo oyambira enieniwo. Mapuwa amaloza pomwe mpweya watulukira, osati yemwe anagula katunduyo. Chitsulo chosungunulidwa m'dziko lina n'kukamangira nyumba kutsidya la nyanja chimadetsa dontho la wopangayo. Wofuna kudziwa udindo wa ogula apite ku ziwerengero za Global Carbon Project, zomwe zimawerengeranso motsatira malonda.

Kwa mtolankhani, mphunzitsi kapena wogwira ntchito m'khonsolo ya mzinda, kagwiritsidwe koyenera ndi aka: pezani malo 10 akuluakulu a dera lanu pa muyeso wa zaka 100, bwerezani pa wa zaka 20, tsegulani fayilo ya kudalirika n'kuchotsa onse a low ndi very low. Otsalawo ayang'aneninso kwina. Kukula kwa siteshoni ndi mwini wake mungatsimikize ku Global Energy Monitor, bungwe losunga mndandanda wa masiteshoni a magetsi padziko lonse. Ku America kuli ziwerengero za EPA, bungwe la boma loona za chilengedwe; ku Ulaya kuli za ENTSO-E, mgwirizano wa makampani oyendetsa nthambo zikuluzikulu za magetsi, ndi za msika wa kaboni wa EU. Kenako tumizani nambalayo kwa mwini malowo, mufotokoze mmene inapezekera, ndipo mumupemphe yake pamodzi ndi kuchuluka kwa malasha kapena gasi omwe anawotcha chaka chimenecho. Ndi nambala ya mafutayo mungathe kuwerengera nokha mpweyawo pa pepala.